Lachisanu Lopanda Nyama

Tembisa, Joni
24 Febuluwale 2025

Alamu a Ezeliya,

Alongo anu a Filipo agwa ku ntchito. Lachinayi lapitali anagwa chagada mu butchala muja mpeni uli m'manja, ndipo ine ndikuopa kuti matenda amene anatenga abambo anu m'chigafa ku Kabudula awapeza iwonso. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mtima sukukhala pansi.

Muli bwanji alamu, ndi ana, ndi amayi? Ife kuno tadzuka. Rebecca wamera mano awiri, akuluma chilichonse.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Foni m'nyumba muno ndi imodzi ndipo imakhala m'thumba mwa a Filipo, ndiye chilichonse ndingalembe amawerenga. Kalatayi ndapatsira a Nowa, aja amanyamula katundu wa anthu pagalimoto kuchokera kuno kupita ku Lilongwe. Mukayankha muwapatse omwewo, ndawauza kuti azindipatsa pambali.

Atagwa, anzawo anawathira madzi n'kuwatengera ku kiliniki. Nesi anawayeza kawiri poganiza kuti makina alakwitsa. Bipi inali pa 190. Anawapatsa mapilitsi akumwa m'mawa uliwonse, kenako anaitana ine n'kufunsa kuti kunyumba timadya chiyani. Ndinanena zoona, ndinati nyama. Alamu simungakhulupirire. M'mawa poloni, masana amawotcha ndi anzawo kuseri kwa butchala, madzulo amabwera ndi zotsala zimene abwana awo amawapatsa, mafuta okhaokha ndi soseji yamchere ija. Zaka zinayi tsopano. Munthu uja anachoka kumudzi akuboola lamba kuti buluku lisagwe, lero malaya a ukwati sakumangika.

Chingerezi changa mukuchidziwa, koma mawu a nesi ndinawamva. Anati sakunena kuti asiye nyama lero lomwe, mwamuna sangamve. Tiyambe tsiku limodzi pasabata lopanda nyama, masamba ndi nyemba basi, mchere pang'ono. Akazolowera tiwonjezere tsiku lina.

Ndasankha Lachisanu. Lolemba mpaka Lachinayi ndimakachapa ndi kusita kwa madamu ku Kempton Park, ndimafika kunyumba nditatheratu. Lachisanu ndimakhala pakhomo, ndingathe kuphika bwino n'kuwapititsira chamasana ku ntchito.

Chimene ndikupempha ndi mfutso. Kuno masamba athu kulibe, ndi kabichi ndi sipinachi basi. Ngati pali chikwatu cha khwanya kapena chitambe chimene chinatsala chaka chatha, munditumizire, ndi nsinjiro ngakhale kapu imodzi. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yovuta, mtedza unatha.

Koma chonde amayi asamve kuti mwana wawo anagwa. A Filipo andilumbiritsa. Akuti amayi akamva agwa nawonso, paja pamaliro a abambo anakomoka kawiri. Ngakhale inu sanafune kuti ndikuuzeni, koma ndekha sindingathe kusenza.

Ndine mlamu wanu,
Benedeta

Tembisa
9 Malichi 2025

Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kodi fodya mwayamba kusoka? Ife tilipo, Rebecca anali ndi chimfine koma chapita.

Ma Lachisanu awiri adutsa, ndikuuzeni mmene zayendera. Loyamba ndinaphika nyemba ndi sipinachi. Posowa nsinjiro ndinatendera ndi chiponde cha m'botolo, osadziwa kuti cha kuno amathira shuga. Ndiwo zinatsekemera ngati phala la mwana. A Filipo anavundukula mbale, anasuzumira pansi pa tebulo, kenako anafunsa Rebecca kuti, "Iwe, ndiwo wabisa kuti?" Ndinaseka kuti mwina zithere pomwepo, koma ayi. Anati iwo anadutsa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge osati kudzadya masamba, masamba anawasiya ali mbwee kuseri kwa khola ku Kabudula. Ndinati ndi a nesi anena. Iwo anati, "Abambo anga anafa akudya nkhwani tsiku ndi tsiku. Nyama ankaiona pa Khirisimasi. Nanga inawapha ndi nyama iti?"

Lolemba ndinapempha madamu kuti ndiweruke msanga, ndinakafunsa nesi uja funso lomwelo. Anati matendawa amayenda m'magazi a pabanja, ndiye munthu amene bambo ake anafa nawo ndi amene ayenera kusamala kuposa anzake. Ndinabwera nawo mawuwo kunyumba. Mapilitsi akumwa ndithu.

Vuto lina ndi anzawo a ku ntchito. Tsiku loyamba ndinalowa ndi kontena yanga pakhomo la kutsogolo. Mnzawo wina anaitsegula, anthu onse kuseka. Tsopano akuwatcha Mbuzi, akamadutsa amawalirira mee. Anabwera atakwiya, anati ndisadzapondenso pamenepo. Lachisanu lachiwiri ndinapitabe, koma ndinazungulira kuseri kumene amatayira makatoni. Ndinaima pamenepo ndi mwana kumbuyo mpaka anatuluka. Anadya chiimire, msangamsanga ngati akuba, koma anamaliza. Madzulo ndinanunkhiza malaya awo ndisanachape. Utsi wa nyama unalipo, koma paja amaima pafupi ndi moto wa anzawo, ndiye sindinafunse.

Ine sindibwerera m'mbuyo. Andiseke, anditche dzina limene angafune. Ndili ndi zaka 23, mwana sanayambe n'kuyenda komwe, mapepala anga mukudziwa mmene alili. Akagwa kachiwiri, ine dziko lino ndilowera kuti?

Mupereke moni kwa amayi. Muwauze kuti nsalu yawo ndikutumiza mwezi wamawa.

Benedeta

Tembisa
23 Malichi 2025

Alamu anga okondedwa,

Lero ndikulemba ndi chimwemwe. Muli bwanji? Ife tili bwino kuposa masiku onse.

Katundu wafika. Zikwatu ziwiri ndi nsinjiro, Mulungu akudalitseni. Ndikudziwa kuti mtedza umenewu munachita kupempha, musandibisire. Nditamasula chikwatu chimodzi m'nyumba monse munamveka fungo la kwathu, mpaka mayi wa ku Mzimba amene timayandikana naye anabwera kudzafunsa kuti kodi ndi khwanya ameneyo. Ndinamutapira pang'ono.

Lachisanu ndinaviika khwanya uja, n'kuphika ndi tomato, n'kutendera bwinobwino. Mchere ndinangotsina. A Filipo analowa ali ndi nkhope yawo ya Lachisanu ija, koma atangodya kawiri anakokera mbale pafupi. Anamaliza, anapempha zina, n'kupukuta mbale ndi chala. Kenako anayamba kundifotokozera mmene amayi ankayanikira khwanya pamphasa, iwo ali mwana n'kuwaika kuti azithamangitsa nkhuku, ndipo tsiku lina anagona nkhuku n'kumwaza zonse, inu n'kuwabisa m'nkhokwe kuti asakwapulidwe. Kodi n'zoona, alamu? Anaseka mpaka misozi. Chibwerere kuno sindinawamve akukamba za kumudzi nthawi yaitali chotere.

Dzulo tinapita ku kiliniki. Bipi yatsika, ili pa 160. Nesi anati ikadali pamwamba koma njira ndi yomweyi, mapilitsi ndi kadyedwe ziziyendera limodzi. Pobwerera a Filipo ananena okha, ine osawafunsa, kuti ngati ndiwo zake ndi zimenezi, Pasaka ikadutsa tikhoza kuwonjezera tsiku lachiwiri. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinavina.

Ndiye chonde chaka chino mufutse wambiri. Nkhwani, chitambe, khwanya, ngakhale therere. Mukauze amayi anga ku Nambuma nawonso afutse, a Nowa adzatenga zonse pamodzi.

Masana ano aimbira amayi foni monga amachitira Lamulungu lililonse. Anali okondwa, ndiye mwanthabwala anati, "Amayi, masiku ano Lachisanu sindidya nyama, Benedeta wandiletsa." Amayi anafunsa kuti, "Lachisanu?" Anafunsa kawiri. Atatero anati sakumva bwino ndipo foni inaduka. Kaya ndi netiweki ya kumeneko, paja imavuta mitambo ikachita.

Rebecca akuima atagwira mpando.

Ndatha ine,
Benedeta

Tembisa
6 Epulo 2025

Alamu,

Moni nonse. Ife matupi ali bwino, koma m'nyumba simuli bwino.

Kalata yanu ndalandira ndipo ndawerenga katatu. Sinali netiweki eti. Ndiye amayi akuti ine ndikuwalowetsa a Filipo Chikatolika kudzera mumphika? Mpaka nkhani kukafika kwa amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwanu, kuti mwana wa malemu mkulu wa mpingo akusala nyama Lachisanu ngati Aroma, nthawi ya Lenti yomwe ino? Alamu, ine ndinalira. Za Lenti sizinandibwerere n'komwe m'mutu pamene ndinkasankha tsikulo. Anagwa mu Febuluwale, kodi ndine ndinasankha mwezi woti agwe?

Inu ndinu mboni. Pokwatiwa ndinasiya mpingo wa Katolika wa makolo anga ku Nambuma, ndinalowa kalasi ya mpingo wanu chaka chathunthu, amayi anga analira sabata yonse osandiyankhula. Zonsezo ndinachita kuti pasakhale mawu. Lero akuti ndikufuna kukabatizitsa Rebecca kwa ansembe mobisa. Rebecca sanabatizidwe chifukwa tikudikira kudzabatizira kumudzi pamaso pa agogo ake, si iwo omwe anapempha zimenezo?

Amayi anaimba Lachitatu. Sindinamve zonse, a Filipo anatuluka nayo panja foni. Ndinangomva akuti, "Ayi amayi, sindinasinthe. Ayi, sandilamulira." Atalowa ndinawapempha kuti angowauza zoona, kuti ndi a kuchipatala analamula. Anakana. Anati akatchula chipatala amayi afunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo iwo sangawanamize.

Lachisanu anabwera ndi nyama ya nkhumba yonona, anayatsa mbaula panja pamene aliyense akuona, anawotcha okha. Anajambula chithunzi ali nayo pakamwa n'kutumiza pa foni yanu kuti muwaonetse amayi. Munachiona. Khwanya wanga anakhala pamoto mpaka anauma. Ndinadya ndi Rebecca, wotsala ndinapatsa mayi wa ku Mzimba uja.

Ndaganiza chochita. Ngati vuto ndi Lachisanu, Lachisanulo alitenge. Ndasinthira Lachiwiri. Ndizidzuka m'mamawa kuphika ndisanapite kwa madamu, chamasana azinyamula okha. Muwauze amayi choncho, kuti mpongozi wawo wamva ndipo Lachisanu mwana wawo azidya nyama mmene angafunire. Zina zija musawauzebe. Ndinalumbira.

Nsalu yawo ili m'katundu yemweyu, yobiriwira. Muwapatse ngakhale andikwiyire.

Mlamu wanu,
Benedeta

Tembisa
27 Epulo 2025

Alamu,

Pepani ndakhala chete. Muli bwanji, Pasaka munadya bwanji? Kuno kwayamba kuzizira, m'kanyumba ka malata muno m'mawa mumakhala ngati mufiriji. Rebecca ndamugulira juzi.

Lachiwiri lakanika. Sabata yoyamba ananyamula kontena, madzulo inabwera yosatsegula. Sabata yachiwiri anaisiya dala pampando. Akuti tsopano tsiku lililonse limene ndingasankhe ndi Chiroma chomwecho chavala malaya ena. Mawu amenewo si awo, ndikuwadziwa mwini wake.

Ndiye a Nowa abwera ndi phukusi lochokera kwa amayi. Ndinaganiza kuti ndi mfutso. Kutsegula, nyama ya mbuzi yowamba, mchere uli waa, atakulunga m'chitenje kuti pamalire asaione. Alamu, kutumiza nyama kwa munthu wogwira ntchito mu butchala! Ndikanaseka chikhala kuti si moyo wa munthu. Ndipo ndamva kuti ndi mbuzi yawo yaikazi ija anapha, imodzi yomweyo. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa ndikudziwa kuti achita zimenezi pokonda mwana wawo, akuganiza kuti ndikumumana. A Filipo akudya kachidutswa m'mawa uliwonse ngati mankhwala.

Mankhwala enieniwo asiya. Ndinapeza mapilitsi a masabata awiri ali osatsegula m'thumba la jekete. Nditafunsa anati amawafooketsa. Pali zina za m'nyumba zimene akuti mapilitsiwo awononga, sindingalembe, inu ndinu wamkulu mwamva. Ndinati tikamuuze nesi awasinthire mtundu wina, paja anatiuza kuti mitundu ilipo yambiri. Anati nkhani zotere sangakambe ndi mkazi, mwana wamng'ono ngati uja.

Ndikuuzeni chinthu chimodzi kuti mtima wanga uyere. Kolona ndili nayo, amayi anga anandipatsa pokwera basi, imakhala pansi pa sutikesi. Ndipo pa Lachisanu Loyera ine nyama sindinadye, chibadwire sindinadyepo tsiku limenelo. Mwina pamene ndinkasankha Lachisanu kamtima kena kanakondwa kuti ndi tsiku limene ndinazolowera kwathu. Ngati kumeneko ndi kulakwa ndalakwa. Koma sindinawaphikire khwanya kuti apite kwa ansembe. Ndinaphika kuti Rebecca adzawadziwe bambo ake ali oyenda ndi miyendo yawo.

Sindinasiye. Tsopano ndikuchita mwakachetechete. Nyama akabweretsa ndimachotsa mafuta onse ndisanaphike, mchere ndimachepetsa pang'onopang'ono kuti lilime lisazindikire, masamba ndimaika pambali tsiku lililonse. Lachiwiri ine ndi mwana timadya zathu zopanda nyama pamaso pawo, mbale yawo ndimaikapo ndithu. Tsiku lina adzatambasula dzanja.

Mundipempherere.
Benedeta

Tembisa
11 Meyi 2025

Alamu a Ezeliya,

Moni. Kuno sitili bwino, sindibisa.

Mutu ukuwapweteka masiku onse, kumbuyo kuno. Lachitatu anatuluka magazi m'mphuno akumanga nsapato. Dzulo a Nowa anandiuza pambali kuti anamva kwa anzawo a ku butchala kuti mpeni wawagwa m'manja kawiri sabata ino, dzanja lamanja limachita dzanzi. Iwo kunyumba sananene. Nditawafunsa anati ndi kuzizira. Ndinagwada pansi, alamu, ine amene sindinawagwadirepo chikwatiwire kupatula popereka madzi. Ndinati tiyeni ku kiliniki. Anati akajombanso abwana awo alemba wina, anthu ofuna ntchito amaima pageti m'mawa uliwonse.

Ndiye ndaganiza, ndipo ndatsimikiza. Lumbiro lija ndikuliphwanya. M'kalata muno mupeza pepala, ndi khadi lawo la ku kiliniki, madamu anandijambulira pamakina awo. Pali tsiku limene anagwa, pali 190, pali 160 ya mwezi umene ankadya khwanya ndi kumwa mapilitsi. Mupite nalo kwa amayi. Musawauze ali okha, mutenge mayi mmodzi wa Chigwirizano amene amamukhulupirira akhale pafupi, ndipo akhale pansi kaye. Muwawerengere zonse. Muwauze kuti mwana wawo anagwa monga anagwera abambo, kuti za tsiku lopanda nyama ananena ndi a chipatala osati ansembe, ndiponso kuti anandiletsa kunena chifukwa chowakonda iwo.

Ndikudziwa kuti a Filipo akadzamva adzandikwiyira kwambiri. Mwina adzanditumiza kwathu. Ndalingalira zonsezo. Kuli bwino ndikakhale ku Nambuma iwo ali moyo kuno, kusiyana n'kuti ndisunge lumbiro n'kubwera nawo m'bokosi pa ngolo ya a Nowa. Chaka chatha tinaperekeza mnyamata wa ku Nsaru choncho, bokosi lili pakati pa mafiriji ndi matilesi a anthu. Ine zimenezo ayi.

Munthu mmodzi yekha amene angawauze kuti imwa mankhwala n'kumwa ndi amayi. Ine ndayesa, nesi wayesa. Mawu amodzi a amayi anagwetsa zonse zimene ndinamanga mwezi wathunthu, ndiye mawu amodzi omwewo akhoza kuzidzutsa. Asachite kundipepesa, sindikufuna zimenezo. Angoimba foni.

Musachedwe nayo kalatayi. A Nowa akuti afika ku Lilongwe Lachinayi, mukawadikire pamene amatsitsira katundu.

Rebecca wayamba kuyenda, masitepe atatu n'kugwa. Bambo ake anamuona, anamunyamula ndi dzanja lamanzere.

Ndine,
Benedeta

Tembisa
21 Meyi 2025

Alamu,

A Filipo ali m'chipatala chachikulu kuyambira Lolemba. Ali moyo. Kalatayi sindikudikira a Nowa, mayi wa ku Mzimba aijambula pa foni yawo kuti muione lero lomwe.

Zikomo kuti munapita kwa amayi. Anaimba Lamulungu masana akulira, ine ndili pomwepo. Anawauza kuti amwe mankhwala, adye chimene mkazi wawo waphika, tsiku lililonse limene a chipatala anena, kaya Lachisanu kaya liti. Kenako anapempha kuti foni andipatse ine. Anangoti, "Mwana wanga, bwenzi utandiuza kale."

Foni itaduka a Filipo sanandimenye, sanakuwe. Anati, "Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha." Chakudya sanadye. Mapilitsi ndinawaikira patebulo ndi madzi, sanawakhudze.

Lolemba m'mawa akuvala kuti azipita ku ntchito ndinamva kapu yagwa. Ndinawapeza atatsamira chitseko, pakamwa patapotokera mbali imodzi, akuyesa kunditchula dzina koma mawu osatuluka bwino. Ndinakuwa, anthu anabwera, bambo wina wa teksi anatitenga osafunsa zambiri. Adokotala akuti ndi sitiroko koma tinafika msanga. Mwendo ukugwira pang'ono, dzanja lamanja silikugwira, mawu akubwera amodziamodzi. Akuti akamadya, kumwa mankhwala ndi kuchita mafizo olimbitsa thupi akhoza kudzayendanso. Akapanda kutero yachiwiri ikubwera, ndipo imeneyo sidzatisiyira munthu.

Ndinafunsa adokotala ngati ndi mkwiyo wa Lamulungu unachititsa. Anati ndi mapilitsi amene anasiya mwezi wathunthu. Ndikuyesetsa kukhulupirira zimenezo. Koma ngakhale mutandibwezera m'mbuyo, khadi lija ndikanatumizabe. Chimene ndikudandaula n'chakuti sindinatumize mu Epulo.

Tsono vuto ndi ili. Sakudya. Okha sangathe kugwira supuni, manesi ndi ochepa, amangosiya mbale pambali n'kupita. Ine ndikafika ndi phala la nsinjiro amatembenukira kukhoma n'kutseka pakamwa. Dzulo ndinakhala pamenepo nthawi yonse yoonera odwala supuni ili m'manja, Rebecca akuwakoka bulangete. Mwanayo anamugwira tsitsi, ine osandiyang'ana. Lero ndi tsiku lachitatu, angomwa madzi ndi tiyi amene anawapatsa wodwala mnzawo wa bedi loyandikana. Nesi wanena kuti zikapitirira awaika chubu chodyetsera m'mphuno.

Kukwiya andikwiyire, ndipirira, ngakhale chaka. Ndiziphika, ndizichapa, ndiziwatembenuza, ndipo akatuluka m'nyumba muno mudyedwa zimene a chipatala anena, afune asafune. Koma panopa pakufunika dzanja lina loti liwadyetse, ndipo langa akulikana. Amayi alibe pasipoti. Inu muli nayo, ija munkabwerera kudzaoda katundu, ndinaona kuti sinathe. Munawabereka kumbuyo ali khanda, kwa inu atsegula pakamwa.

Ndalama ya basi ndatumiza kale pa foni yanu, madamu andithandiza. Ana muwasiye kwa amayi, mtedza akumba ena. Musadikire a Nowa, musadikire Lamulungu kuti mukatsanzike kutchalitchi. Kwerani basi ya mawa m'mawa ku Lilongwe. Mukawoloka Beitbridge muimbe pa nambala imene yatumiza chithunzichi, mudzandipeza ndikudikira pa siteshoni ndi mwana.

Bwerani alamu. Chonde nyamukani lero.

Benedeta